Mwalankhula Bwino, Bwana, Koma Mwati Chiyani?

Msonkhano wanga woyamba monga mlangizi wa boma ndidachititsa m'chaka cha 2007, pansi pa mtengo wa mango m'mudzi wina wa ku Lungwena. Kwa inu amene simudafikeko, Lungwena ali kugombe la kummawa kwa nyanja ya Malawi. Mukawoloka mlatho wa pa Shire pa boma la Mangochi ndi kudutsa pa Malindi, mumangolondola msewu wa ku Makanjira, nyanja ili kumanzere, mapiri ali kumanja. Tsikulo ndidamanga tayi ngakhale dzuwa linkaswa mtengo. Ndidanyamula zipepala zikuluzikulu zimene ndidachezera kulemba, zodzaza ndi mabokosi ndi mivi yosonyeza mmene mphamvu zimatsikira kuchokera kulikulu kufika kumudzi, malinga ndi ndondomeko ya 1998 yopereka mphamvu ku anthu. Ndidalankhula kwa mphindi 40, theka m'Chichewa, theka m'Chingerezi, ndipo mnyamata wina wa m'mudzimo ankavutika kumasulira m'Chiyao. Nditatha anthu adawomba m'manja, ine mumtima n'kumati basi ntchitoyi ndaigwira pakhosi.

Posakhalitsa agogo ena amene adakhala pamphasa kumbali ya amayi adapempha danga. Adalankhula mwachidule m'Chiyao ndipo bwalo lonse lidafa nalo phwete. Womasulira uja adayamba wakanda kumutu, kenaka adandiyang'ana mwachisoni nati, "Akuti mwalankhula bwino, bwana, koma akufunsa kuti kodi mwati chiyani?"

Chimene ndidatumidwa kukanena chidali chaching'ono. M'mudzimo mudzakumbidwa mjigo, koma eni mudzi atute mchenga ndi miyala, aumbe njerwa, asankhe komiti ya anthu khumi momwe theka akhale amayi, ndipo azisonkha kangachepe mwezi ndi mwezi kogulira zipangizo mjigowo ukadzawonongeka. Idandipulumutsa ndi nduna ya amfumu, bambo amene sadapondeko m'kalasi la sekondale. Iwo adandifunsa mafunso atatu chapansipansi, n'kuimirira, n'kufotokoza zonse m'mphindi zosakwana zisanu. Mmawa mwake amayi adayamba kututa mchenga.

Papita zaka zambiri koma funso la agogo aja likadali m'makutu mwanga, ndipo ndilo landikakamiza kulemba nkhaniyi. Ndikuti ife ogwira ntchito m'boma ndi m'mabungwe tasokoneza tanthauzo la kulankhula pagulu. Timayesa wodziwa kulankhula ndi amene amathira Chingerezi chambiri, amene ali ndi zithunzi zokongola pakhoma, amene satsamwa. Womvera tidamuiwala kalekale. Chonsecho muyeso wa kulankhula ndi umodzi wokha: kodi amene adakhala pansi kukumverani wapita kwawo ndi chiyani, nanga mawa achita chiyani? Choipitsitsa n'chakuti aphunzitsi enieni a lusoli timawasiya pakhomo, n'kumakafunafuna nzeru kumahotela.

Ndikunena za mahotela chifukwa ndidapitako. Patatha zaka zingapo dzina langa lidatuluka pamndandanda wa okachita maphunziro a sabata imodzi a kalankhulidwe pantchito. Adachitikira pamalo ena ogona alendo kugombe linalo la nyanja yomweyi, kumene mchenga amausesa mmawa uliwonse. Tidaphunzitsidwa kuti patsamba limodzi la PowerPoint pasapitirire mizere isanu ndi umodzi, kuti manja asalowe m'thumba, kuti tiziyang'ana omvera m'maso, ndi kuti tiziyamba ndi kanthabwala. Aliyense adapatsidwa mphindi khumi kuti ayesere, anzake n'kumupatsa malikisi. Lachisanu tidalandira masetifiketi ndi maalawansi, n'kujambulitsa chithunzi pamasitepe.

M'sabata yonseyo palibe adatchulako bwalo la mfumu. Palibe adafunsa kuti mwa ife tonse ndi angati amene kumalo awo a ntchito kuli khoma loti n'kuwunikirapo pulojekita, osanena za magetsi. Palibe adakumbukira kuti kwathu kuno mwana amene amayang'anitsitsa mkulu m'maso timamuti ngwamwano, ndipo kuti mlendo amene wayamba ndi nthabwala asadapereke malonje amaoneka wopepera. Tinkakonzekeretsedwa kulankhula kwa mabwana athu ndi kwa azungu opereka thandizo, pamene ntchito imene timalandirira malipiro ndi yolankhula kwa asodzi, alimi ndi amayi oyembekezera.

Zotsatira zake mumazimva nokha pamisonkhano ndi pawailesi. Munthu wamkulu ndithu amaima pamaso pa mafumu n'kunena kuti, "Tabwera kudzapanga sensitayizi ma stakeholder pa ma issue a ownership kuti pakhale sustainability." Chiganizo chimenechi si Chingerezi, si Chichewa, ndipo ngakhale mwini wakeyo mutamudzutsa pakati pa usiku kuti amasulire akhoza kuchita chibwibwi. Ine sindidana ndi mawu obwereka. Sukulu, buledi, kompyuta ndi foni tidawalandira ndipo adakhazikika. Chimene ndikudana nacho ndi mawu obisalamo, amene munthu amawagwiritsa ntchito pofuna kuti asafunsidwe. Mukanena kuti "mjigowu ukawonongeka mudzakonza nokha ndi ndalama zanu," anthu akufunsani kuti ndalama zingati, asunga ndani, nanga akadya titani. Mukanena kuti "ownership" onse angogwedeza mitu, inu n'kukwera njinga yamoto msanga, lipoti n'kulemba kuti msonkhano udayenda bwino.

Matendawa adayambira kutali. Ambiri a ife tidakulira m'sukulu zimene wolankhula chinenero cha makolo ake ankavekedwa chikwangwani m'khosi kapena kupatsidwa chibalo chotchetcha udzu. Mipikisano ya mtsutso inkachitika m'Chingerezi, ndipo wopambana ankakhala amene watchula mawu aatali oti ngakhale oweruza sakuwadziwa. Malamulo aakulu a dziko lino amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi, koma safunsa ngati angathe kufotokozera anthu amene adamusankha zimene zili mubajeti. Ngakhale Dr. Hastings Kamuzu Banda, atabwerera kumudzi mu 1958, ankalankhula kwa Amalawi m'Chingerezi, ena monga a John Msonthi n'kumamasulira. Iye adali ndi chifukwa chake pakuti adakhala kunja zaka pafupifupi 40. Nanga ife amene kunja kwathu ndi ku Zomba ndi ku Lilongwe, chifukwa chathu n'chiyani? Tidangotengera chithunzi chakuti munthu wamkulu amalankhula zosamveka, ndipo wina wamng'ono ndiye amavutika kuzitsitsa pansi.

Pano ndiyenera kudzitsina khutu ndekha pamodzi ndi inu okonda Chichewa anzanga. Kuno ku Lungwena chinenero cha pakhomo ndi Chiyao. Kuchokera mu 1968, pamene Chichewa chidasankhidwa kukhala chinenero cha dziko lonse, ife Achewa tidazolowera kuganiza kuti tikalankhula chathu ndiye kuti aliyense wamva. Abambo ambiri kuno amachimva ndithu chifukwa cha malonda a nsomba ndi maulendo, koma amayi achikulire ndi ana aang'ono amangotolako apa ndi apo. Mlangizi wochokera ku Dedza kapena ku Dowa amene wakhala kuno zaka zisanu koma sadziwa kuti madzi ndi mesi, ndipo sangathe ngakhale kupereka moni wa mmawa woti "Ajimwiche uli?", sasiyana ndi mnzake wa Chingerezi uja. Onse awiri amadalira womasulira amene amangotoledwa pompo, wosauzidwa nkhani isadayambe, wosalipidwa, woopa kufunsa bwana kuti abwereze. Paja akulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Ine ndidamvapo womasulira akusandutsa mawu oti "boma lilingalira" kukhala "boma lalonjeza," ndipo mlandu wa lonjezo limenelo ndidausenza zaka ziwiri.

Wina anena kuti zonsezi n'zazing'ono, nkhani ya kalankhulidwe siingaphe munthu. Ameneyo sadaone kolera. Mliri umene udayamba m'mwezi wa Malichi 2022 ndi kupitirira mpaka 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi lidali limodzi mwa maboma amene adakhudzidwa koopsa. Uthenga wa kolera ndi wosavuta: imwani madzi othira kulorini kapena owiritsa, gwiritsani ntchito chimbudzi, sambani m'manja ndi sopo, wotsekula m'mimba mumwetseni Thanzi ndi kuthamangira naye kuchipatala. Mwana wa Sitandade 4 akhoza kuloweza. Komabe anthu ankabisa odwala m'nyumba, ndipo mphekesera zinkathamanga kuposa galimoto zathu zokuzira mawu.

Ndidakhala nawo pamsonkhano wina m'nyengo imeneyo, kumudzi kumene kudali kutangochitika maliro awiri. Mnzathu wina, munthu wakhama amene adali asadagone bwino kwa milungu ingapo, adawerenga papepala chiwerengero cha odwala, maperesenti a omwalira ndi mndandanda wa zoletsedwa. Atafika poti matupi a omwalira ndi kolera azikonzedwa ndi azaumoyo okha, bwalo lidayamba kung'ung'udza ndipo abambo ena adanyamuka. Iye adakweza mawu n'kubwereza chiganizo chomwecho, ngati kuti vuto lidali kugontha. Sadadziwe kuti wagunda pabala. Kuno anthu ambiri ndi Asilamu, ndipo kusambitsa maliro, kuwaveka nsanda ndi kuwapempherera ndi ulemu womaliza umene wamoyo amapereka kwa mbale wake. Kuuza munthu kuti asakhudze thupi la mayi ake, popanda ngakhale mawu opepesa, kuli ngati kumuuza kuti awataye kudzala.

Adakonza zinthu ndi shehe wina wachikulire. Adayamba ndi kutchula omwalira aja mayina awo ndi kupepesa mabanja awo mmodzimmodzi. Kenaka adafunsa bwalo kuti munthu amasamba kangati patsiku asadapemphere. Onse adayankha. Adafunsanso kuti ngati ukhondo ndi wofunika chotere pamaso pa Mulungu, nanga madzi amene tikusambawo ndi kumwa tikuwatunga pamalo otani, pamene pagombe pomwepo ena akudzithandizirapo? Anthu adayang'ana pansi. Pomaliza adatembenukira kwa azaumoyo n'kuwafunsa pamaso pa onse ngati n'kotheka kuti achibale awiri azikhalapo pamene thupi likukonzedwa, nsanda ivekedwe, ndipo pemphero lisalephereke. Adagwirizana pomwepo, ndipo abambo adanyamuka aja adabwerera m'malo mwawo. Shehe uja sadawonjezere mfundo ya zaumoyo ngakhale imodzi pa zimene mnzathu adawerenga. Iye ankadziwa chimene anthuwo ankaopa, ndipo adayambira pamenepo.

Nkhani ya nsomba ikutiphunzitsa zomwezo. Chambo chitatha m'nyanja ya Malombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, zidaoneka poyera kuti malamulo olengezedwa kuchokera kuofesi sakuletsa maukonde a timaso ting'onoting'ono. N'chifukwa chake mu 1993 kudayamba makomiti a m'madoko, kuti asodzi eni ake azikhala nawo pokambirana ndi posunga malamulo. Pomwe ku chilumba cha Mbenje ku Salima, mfumu ndi anthu ake akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo lamulolo limamveka chifukwa limanenedwa pabwalo, ndi anthu odziwika, m'mawu amene msodzi amalankhula tsiku ndi tsiku. Mukauza msodzi wa ku Lungwena za kuchepa kwa matani a nsomba m'dziko, angokuyang'anani. Mufunseni kuti bambo ake ankabwera ndi chambo chingati pa ulendo umodzi, nanga iye akubwera ndi chingati lero, ndipo nkhani yonse aimaliza yekha.

Tsono bwalo limaphunzitsa chiyani chimene hotela idalephera kundiphunzitsa? Choyamba ndi malonje. Mlendo salankhula asadadziwike kuti ndani, wachokera kuti, wamutuma ndani. Ife timaona ngati n'kutaya nthawi, koma munthu sangamvere mawu a amene sakumudziwa, ndipo mphindi zisanu za malonje zimagula makutu a ola lathunthu. Chachiwiri, wolankhula pabwalo amabwera ndi nkhani imodzi. Onani mwini mbumba akamafotokoza za maliro: amanena amene watisiya, adadwala liti, adapita naye kuti, adatsirizika liti, ndipo mwambo uyenda bwanji. Sasocheretsa anthu ndi mitu khumi. Chachitatu, amayamba ndi zimene anthu akuzidziwa kale, n'kuwatsogolera pang'onopang'ono ku zachilendo, monga adachitira shehe uja. Chachinayi, salankhula yekha. Amaponya funso, bwalo n'kuyankha. Amayamba mwambi, anthu n'kuumaliza. Akamaliza mfundo, nduna imaibwereza m'mawu ena kuti amene adaphonya atole. Nkhoswe yodziwa ntchito yake siinyamuka pamlandu wa banja isadamve mwamuna ndi mkazi akunena ndi pakamwa pawo zimene agwirizana. Ndi angati mwa ife alangizi amene timapempha munthu mmodzi kuti abwereze zimene tanena tisadatseke msonkhano? Timangofunsa kuti "Tamvana?" ndipo anthu aulemuwa amayankha kuti "Eee," pofuna kuti tiwamasule akaphike.

Chachisanu ndi miyeso. Kuofesi timakonda maperesenti, mahekitala ndi malita. Kumudzi anthu amayeza ndi ndowa, thumba, ngolo, chitini ndi mapazi. Kunena kuti ana 20 peresenti ndi onyentchera n'kungotulutsa mpweya. Nenani kuti mwa ana asanu alionse amene akusewera apowa, mmodzi thupi lake likuchepera msinkhu wake, ndipo muona amayi akutembenuka kuyang'ana anawo. Chachisanu ndi chimodzi ndi nthawi. Amene amaitanitsa msonkhano Lachisanu masana kuno, anthu ali kumzikiti, kapena mmamawa asodzi akungofika kumene kuchokera kokoka usipa usiku wonse, kapena madzulo m'mwezi wa Ramadani amayi ali pamoto kukonza chakudya chomasulira, asadandaule kuti anthu a kuno sakonda chitukuko. Walephera kulankhula asadatsekule n'komwe pakamwa.

Ndikudziwa kuti pali zonditsutsa, ndipo zina n'zoona. Ena ati bwalo ndikulitamali lili ndi zilema zake: amayi amakhala kumbali osalankhula, achinyamata amaopa kutsutsa akulu, ndipo mfumu ikanena kanthu onse amangovomera. Sindikana. Ndaonapo misonkhano ya za uchembere imene olankhula onse adali amuna. Koma mankhwala ake ndi kulidziwa bwalolo mpaka kupeza makomo ake ena. Amayi amene ali chete pamaso pa amfumu ndi omwewo amene amalankhula mosaopa kumjigo, kusikelo ya ana ndi kumagulu a banki mkhonde. Anakanga amene amalangiza atsikana kunsondo ali ndi luso lophunzitsa ndi nyimbo ndi zifanizo loti mphunzitsi wa kukoleji akhoza kusirira. Mlangizi wanzeru amapita kumeneko, amakhala pansi, n'kuyamba wamvetsera. Ndiponso tisanamizane kuti m'chipinda cha pulojekita muli ufulu. Ndani adaonapo kalaliki akutsutsa bwana wamkulu pamsonkhano wa kuofesi?

Ena ati Chingerezi ndi makompyuta n'zofunika, chifukwa malipoti amapita kulikulu ndi kwa opereka thandizo. Izinso n'zoona, ndipo ine ndemwe ndimakonza zithunzi zoterozo ndikaitanidwa ku khonsolo. Mapu a midzi imene ilibe mijigo amaoneka bwino pakhoma kusiyana ndi kuwafotokoza pakamwa. Komatu ngakhale kwa eni ake chidachi chidawapwetekapo. Chombo cha m'mlengalenga cha ku America chotchedwa Columbia chitasweka pobwerera kudziko mu 2003, n'kupha anthu asanu ndi awiri, bungwe lofufuza ngoziyo lidadzudzula chizolowezi cha akatswiri a NASA chofotokoza nkhani zikuluzikulu pamasamba a PowerPoint, pakuti chenjezo lofunika lidakwiririka pansi pa timizere tambirimbiri. Ngati akatswiri otumiza anthu kumwamba adasocheretsana ndi timizere, kuli bwanji ife? Munthu amene sangathe kufotokoza nkhani yake magetsi atazima ndiye kuti nkhaniyo sadaimvetse. Ndipo ndaona kuti amene waphunzira kufotokozera agogo a ku Lungwena savutika kufotokozera bwanamkubwa, chifukwa naye bwanamkubwayo ndi munthu wotopa amene akufuna kumva mfundo imodzi yomveka.

Palinso ena amene ati pakamwa pokoma ndi pomwe padatipweteka, taonani andale. Zoona, lilime lakuthwa likhoza kugulitsa bodza, ndipo dziko lino laona malonjezo ambiri okoma amene adauma ngati mame. Koma taganizani: ngati onama akulankhula zomveka, ife onyamula zoona n'kumalankhula zosamveka, anthu atsata yani? Mphekesera za anamapopa zimene zidaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena mu 2017 sizidayende ndi pulojekita. Mabodza onena za katemera wa Covid-19, amene adathandizira kuti mu 2021 dziko lino liwotche katemera woposa 19,000 atatha mphamvu, ankayenda m'chinenero cha kumsika, m'nkhani zifupizifupi zokhala ndi munthu, malo ndi mantha. Ife tinkayankha ndi zikalata zolembedwa kulikulu, zomasuliridwa mothamanga. Kusiyira abodza luso la kulankhula ndi kuwapatsa mudzi wonse.

Chotsutsa chimene ndimachimvera chisoni ndi cha mnzanga amene amati, "Ine ndimachita mantha, ndikaima pagulu mawondo amawombana." Mbale wanga, simuli nokha. Baibulo ndi Korani zonse zimasimba za Mose, amene anzathu kuno amati Musa, kuti atatumidwa kwa Farao adadandaula za lilime lake ndipo adathandizidwa ndi mbale wake Aroni, kapena kuti Haruna. Za Demosthenes, mlankhuli wotchuka wa ku Greece wakale, amati ankayeserera kulankhula ali ndi timiyala m'kamwa m'mphepete mwa nyanja. Ife nyanja tili nayo, timiyala tilinso tambiri. Koma zimene ndaona ine n'zakuti mantha ambiri amabwera chifukwa choyesa kukhala munthu wina. Umanjenjemera poopa kuthyola Chingerezi pamaso pa anzako, poopa kuti makina akukanika, poopa funso limene yankho lake sulidziwa. Tsiku limene ndidavula tayi, n'kuyamba kulankhula monga ndimalankhulira ndi malume anga, ndi kuphunzira kunena kuti "Funso limenelo ndikafunse kaye, ndidzakuyankhani Lachiwiri," theka la mantha lidatha. Theka linalo lidakalipo, ndipo ndi labwino, chifukwa limandikumbutsa kukonzekera. Mbewa ya manyazi idafera kudzenje.

Kukonzekera kwanga masiku ano n'kosavuta. Ndimalemba chiganizo chimodzi chimene ndikufuna kuti munthu akanene kunyumba akafunsidwa kuti kumsonkhano kunali zotani. Chikakanika kulowa m'chiganizo chimodzi, ndiye kuti sindidakonzeke. Ndimakhala pansi ndi womasulira dzulo lake, n'kumufotokozera nkhani yonse mpaka atandifunsa mafunso ovuta. Ndimayamba ndaonana ndi amfumu ndi ashehe kuti ndimve chimene chikuwawa m'mudzimo sabata imeneyo. Pomaliza msonkhano ndimapempha mayi mmodzi ndi mnyamata mmodzi kuti anene m'mawu awo zimene tagwirizana. Kawirikawiri zimene amanenazo zimandichititsa manyazi, ndipo ndimabwerezanso.

Zimenezi si nzeru zatsopano m'dziko muno. M'zaka za m'ma 1980 aphunzitsi ndi ophunzira a zisudzo a ku Chancellor College, mmodzi mwa iwo Chris Kamlongera, ankapita m'midzi ya kufupi ndi Liwonde kukachita masewero a zaumoyo momwe anthu a m'mudzi ankalowerera, kutsutsa ndi kupereka mayankho awo. Izeki ndi Jakobo adafikitsa mauthenga ambiri kumene zikalata zathu sizidafike. Wailesi za m'madera monga Dzimwe kuno ku Mangochi zidaonetsa kuti anthu amatchera khutu akamva nkhani za kwawo m'chinenero chawo. Njira idalambulidwa kale, ife ndiye tidaisiya imere udzu pothamangira maalawansi.

Pempho langa kwa amene amakonza maphunziro a ogwira ntchito m'boma ndi ili. Ngati mukufunadi kutiphunzitsa kulankhula, theka la sabata ija tizikathera pabwalo la mfumu, kumvetsera mmene milandu imazengedwera. Mayeso ake akhale kufotokoza ndondomeko ya boma kwa anthu khumi a m'mudzi popanda pepala, ndipo malikisi apereke ndi anthuwo, poyankha funso limodzi lokha lakuti amva chiyani. Wotumizidwa kudera la chinenero china apatsidwe miyezi yoti aphunzire moni, mayina a zinthu za ntchito yake ndi mawu opepesera pamaliro, ndipo zimenezi ziziwerengedwa pomukweza pantchito. Omasulira azisankhidwa bwino, aziphunzitsidwa ndi kulipidwa, pakuti uthenga wonse umadutsa pakamwa pawo. Ndalama zake n'zochepa kuyerekeza ndi za chakudya cha masana cha kuhotela.

Kwa inu alembi anzanga, nafenso mlanduwu ukutikhudza. Ndife amene tiyenera kusula mawu a Chichewa, Chiyao, Chitumbuka ndi zinenero zina onenera zinthu zatsopano, kuti mlangizi asamathawire ku Chingerezi ponamizira kuti kwathu kulibe mawu ake. Tikamalemba nkhani ndi ndakatulo zodzaza ndi mawu oti ngakhale ife eni sitiwalankhula, pofuna kuti atitame kuti Chichewa chathu n'chozama, tikuchita zomwe ndidachita ine pansi pa mtengo wa mango paja. Kungoti ife palibe agogo oti atiimitse.

Agogo aja adatisiya zaka zingapo zapitazo, ndipo pamaliro awo ndidapemphedwa kulankhula m'malo mwa ogwira ntchito m'boma. Ndidalankhula kwa mphindi zitatu, m'Chiyao changa chothyokathyoka chimene ana amaseka mpaka lero. Ndidanena kuti mayiwa ndiwo adandiphunzitsa ntchito, ndipo ndidasimba za funso lawo lija. Anthu adaseka pang'ono ngakhale padali pamaliro, chifukwa ambiri ankalikumbukira. Pobwerera ndidadutsa pamjigo uja. Udali ukugwirabe ntchito, ndipo mtsikana wina amene adali asadabadwe pa tsiku la msonkhano wanga woyamba ankalemba m'kope mayina a amene apereka ndalama za mwezi umenewo.